Thumba la Makala kapena Mng'oma wa Njuci?

Tikamayenda pa mseu wa Great East, pakati pa Nyimba ndi Petauke, timaona matumba a makala ali ndandanda. Woocha makalayo sitimuweruza, pakuti afuna fizi ya mwana. Koma mtengo ukagwa, bowa, uci ndi mthunzi zimapita nawo.

Lamulo la nkhalango la 2015 linalola midzi kusamalira nkhalango zao mogwirizana ndi Boma. Kwa Mfumu Luembe ndi Mfumu Nyalugwe anthu anapangana ndi BioCarbon Partners kusunga mitengo, nalandira ndalama za citukuko. COMACO, imene inayamba mu 2003, imagula uci ndi nshawa kwa alimi osunga thengo.

Tsono abale, pa msonkhano wa mudzi tifunse: ndalamazo zagwira nchito yanji? Woocha makala akapanda kuona phindu, nkhwangwa idzabwerera kuthengo.