Mpeni wa agogo si wokwezera pa sikelo

Anzanga a pamsika, nkhani ndabwera nayo lero ndi ya mpeni. Inde, mpeni weniweniwu. Kuli anthu kunjaku amene amatulutsa madola kugula mpeni wakale woti sadzasendera ngakhale mbatata. Amangouika m'kabati ya galasi basi, n'kumauyang'ana.

Pakati pa mipeni imene mabwanawa amailimbirana pali ya ma gaucho, abusa a ng'ombe oyenda pa akavalo ku Argentina, Uruguay ndi kumwera kwa Brazil. Mpeni wawo wautali amautcha facón, ndipo ankautsomeka pa lamba kumsana. Unali wosendera chikopa, wodyera nyama, nthawi zina woweruzira mkangano. Gaucho wosauka ankasulitsa wake kuchokera ku lupanga lothyoka la asilikali. Wachuma ankagula chitsulo chochokera ku Solingen ku Germany kapena ku Sheffield ku Mangalande, n'kupita nacho kwa mmisiri kuti akute chogwirira ndi chimake ndi siliva wozokotedwa bwino. Imeneyi ndiyo yavuta mtengo lero.

Mukufunsa kuti nanga za ku Argentina zikutikhudza bwanji ife ogulitsa kaunjika ndi matemba? Dikirani. Ine kwathu ndi ku Utale, kufupi ndi Nkaya, dera lomwe linali m'boma la Machinga mpaka 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha. Dera limeneli laona zambiri. Amalonda a Chiyao ankadutsa m'chigwa cha Shire ndi minyanga kupita nayo kugombe la nyanja ya mchere, pobwera n'kutenga nsalu, mikanda ndi mfuti za gogodela. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Utale mu 1908. Njanji yopita ku Salima, yomwe inatha mu 1935, inadutsanso pomwepo. Anyamata a m'midzi yathu analembedwa usilikali wa KAR ku Zomba, ena mpaka anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Anthu oyenda chonchi sabwera chimanjamanja. Ndiye m'madenga ndi m'masutikesi akale muli nthungo, nkhwangwa, mipeni yosula pachipala ndi mipeni yausilikali imene adzukulu sakudziwa n'komwe mbiri yake.

Chondiwawa n'chakuti katundu wotere akuthera pa sikelo. Ndaona ndi maso angawa ogula zitsulo zakutha akuponya nthungo yakale pamulu umodzi ndi makasu othyoka, mwini wake n'kulandira ya sopo. Ena amagulitsa kwa mavenda a ziboliboli, amene amakapha nazo makwacha kwa alendo kunyanja. Safunsa anadya phula, abale.

Sindikunamizani kuti nyumba iliyonse ili ndi chuma chobisika, ayi. Mpeni wa siliva kuno ndi wosowa zedi. Wofananako ndi wa ma gaucho ndi khanjar, mpeni wokhota wa Aluya a ku Oman umene mabwana a ku Zanzibar ankavala pamimba. Mpaka lero uli pa mbendera ya Oman, ndipo mu 2022 bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa. Koma ngakhale mpeni wachitsulo chabe, ukakhala wakale ndi wodziwika mwini wake, uli ndi mtengo woposa kulemera kwake.

Tsono ukakupezani katundu wotere, kaya kumudzi kaya pa benchi panu, chitani izi.

Choyamba, manja kutali ndi mchenga, phulusa ndi tupa. Ife timaganiza kuti chinthu chikawala ndiye chikwera mtengo. Kwa osonkhanitsa zakale n'zosiyana: kuda kuja ndi umboni wa zaka. Mukaukwecha kapena kuunola mwafuta zilembo, mwataya ndalama. Pakani timafuta pang'ono pachitsulo kuti dzimbiri lisapitirire, basi.

Chachiwiri, yang'anani zilembo. Pa siliva weniweni nthawi zambiri pamadindidwa nambala 800, 900 kapena 925, kusonyeza kuchuluka kwa siliva pa magawo 1,000. Mukaona mawu oti Alpaca, dziwani kuti mulibe siliva ngakhale kadontho. Mukaona EPNS, ndi wongopaka pamwamba. Maginito akakakamira pa chogwirira, si siliva ameneyo. Koma asakupusitseni, chifukwa Alpaca nayenso sagwira maginito.

Chachitatu, funsani akuluakulu akadali moyo. Unali wa ndani? Anautenga kuti? Chaka chanji? Lembani papepala, ndipo ngati pali chithunzi cha agogowo kapena mendulo yawo, sungani pamodzi. Mpeni wopanda mbiri uli ngati ng'ombe yopanda kalata, wogula amangotchula mtengo umene wafuna.

Chachinayi, samalani ndi boma. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kutulutsa zinthu zakale m'dziko muno popanda chilolezo. Ndipo chogwirira chikakhala cha mnyanga wa njovu kapena nyanga ya chipembere, musayerekeze kuuika pamsika. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Kuti wogula anali mzungu waulemu, woweruza sadzamva zimenezo.

Ngati mwakayika, pitani nawo kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre kapena ya ku Mangochi, akatswiri akauone musanamve mtengo wa munthu wina aliyense.

Njala imapweteka, ndikudziwa, ndipo sindingaletse munthu kugulitsa chake. Koma musanatero khalani pansi ndi abale, poti mpeni wa agogo si wa munthu mmodzi. Anthu a ku Argentina anasunga mipeni ya abusa awo, lero alendo amapita kukaiona m'tauni ya San Antonio de Areco. Ife tikapitiriza kukweza yathu pa sikelo, adzukulu athu adzalipira ndege kuti akaone nthungo ya ku Utale m'kabati ya ku London.