Si chifuwa chachikulu chokha: tizilombo tina tomwe timagwira mapapo

Musanabwere ku Salford munajambulitsa chifuwa kuti mupeze viza, ndipo anakuuzani kuti mulibe TB. N'chifukwa chake ambiri mwana kapena gogo akayamba kukhosomola m'nyengo yozizira amangoti, "Ndi mphepo ya kuno, chitha chokha." Koma pali tizilombo tina toyambitsa chibayo, ndipo tina timafooketsa munthu m'masiku awiri kapena atatu okha.

Kachilombo kofala kwambiri ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus pneumoniae. Amakhala m'mphuno ndi kummero kwa ana ambiri osawadwalitsa, koma akatsikira m'mapapo amabweretsa kutentha thupi, kubaya m'nthiti ndi kupuma mobanika. Ku Malawi katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2011. Kuno NHS imabaya makanda, ndiponso aliyense wa zaka 65 kupita m'tsogolo, kwaulere.

Vairasi ya RSV imatupitsa timachubu ta mpweya m'mapapo a khanda mpaka kulephera kuyamwa. Mu Seputembala 2024 NHS inayamba kupereka katemera wake kwa amayi oyembekezera kuyambira sabata ya 28, kuti mwana abadwe wotetezedwa, komanso kwa okalamba a zaka 75 mpaka 79. Fuluwenza nayo imavulaza mapapo, bakiteriya n'kulowerera pambuyo. Palinso Legionella, yomwe imaswana m'madzi ofunda a m'mapaipi n'kupumidwa ndi timadontho ta madziwo. Mu 2002 inapha anthu 7 ku Barrow-in-Furness.

Kusiyana kumeneku n'kofunika. Amoxicillin amapha mabakiteriya ena, koma RSV ndi fuluwenza sazigwira, ngakhalenso Legionella. Choncho makapisozi omwe achibale anakubweretserani kuchokera kumudzi angokuchedwetsani kukaonana ndi dokotala.

Mwana akadwala, muvuleni malaya, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi ali phee. Kupuma ka 60 kapena kuposa asanakwane miyezi 2, ka 50 asanakwane chaka, kapena ka 40 asanakwane zaka 5, n'kothamanga. Zikatero imbani 111 kapena kwa GP tsiku lomwelo. Chitaninso chimodzimodzi khanda losakwana miyezi 3 likatentha kufika madigiri 38.

Imbani 999 kapena thamangirani ku A&E ya Salford Royal ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati popuma, mwana akulephera kudzuka, kapena wamkulu wayamba kusokonezeka mutu mwadzidzidzi. Pakhungu lathu lakuda kusowa kwa mpweya sikuoneka msanga, ndiye yang'anani nkhama ndi m'kati mwa milomo ngati mwatuwa kapena mwabiriwira.

Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo safuna mapepala a imigireshoni. Popita, tengani kabuku ka kusikelo komwe munabwera nako, kuti anamwino aone katemera amene mwana anaphonya.