Kodi mumadziwa? Bere la masiku 16 okha

Hamster wa ku Syria, kanyama konga mbewa kamene anthu ambiri ku Ulaya ndi America amaweta m'nyumba, kamakhala ndi bere masiku 16 okha. Pafupifupi tinyama timeneti tonse toweta lero tinachokera kwa ana a mayi mmodzi amene Israel Aharoni anawakumba kuuna pafupi ndi Aleppo mu 1930.

Mimba imaoneka mochedwa, choncho mwini watcheru amayang'ana khalidwe. Kakakazi kamakokera timapepala pakona kumanga chisa, kamatutira chakudya m'masaya n'kukabisa, ndipo kamalusa zedi. Kamphongo sikayenera kukhala pafupi.

Kakaswa, chisa chisakhudzidwe milungu iwiri, chifukwa kakadzidzimutsidwa kamatha kudya ana ake omwe.

Gerbil, kanyama kena konga mbewa, ndi wosiyana: bere limatenga masiku pafupifupi 25, ndipo wamphongo amathandiza kufungatira ana.