Anaba Ndi Mnzake, Ntchito Inathera Iye

Kuno ku Malowera m'bale wathu wina anatifikira misozi ili m'maso. Matumba a feteleza atasowa kuntchito kwake, wakubayo anagwidwa, koma iyenso anachotsedwa ntchito chifukwa ankadyera limodzi nsima. Mboni panalibe, ndipo sanamufunse kanthu.

Abale, kukayikira si umboni. Deuteronomo 19:15 amafuna mboni ziwiri kapena zitatu mlandu usanakhazikike. Nalonso lamulo la ntchito la Mozambique la 2023 limalamula bwana kulemba mlanduwo m'kalata, wantchito n'kuyankha m'masiku 15. Wochotsedwa popanda zimenezi angathe kukadandaula ku ofesi ya zantchito ku Tete.

Pamene m'baleyu akutsata nkhani yake, tisamuloze chala. Tiyeni tisonkhe chimanga, ana ake asagone ndi njala.