Edzi yachepa ukali, shuga ndi BP zalowa m'bwalo

Pakati pa Amalawi amene amasamalira maluwa, kuphika ndi kulondera nyumba ku Fourways, kumpoto kwa Johannesburg, muli ambiri a zaka zoyambira 40 mpaka 60. Amenewa ndiwo mizati ya mabanja kumudzi, koma matenda amene akuwagwetsa asintha.

Imfa zinafika pachimake ku South Africa m'chaka cha 2006, Edzi ndi TB zikupulula anthu. Ma ARV, omwe boma linayamba kugawa mu 2004, anachepetsa maliro. Pofika 2016, bungwe la Statistics South Africa linapeza kuti shuga ndiye ankapha amayi ochuluka, pomwe TB inkatsogolabe pakati pa abambo.

Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimalowa mwakachetechete. Munthu amagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku logwa ndi sitiroko. Mchere wambiri, zakumwa zotsekemera ndi kunenepa zimakolezera vutoli.

Alangizi, kumbutsani mabanja kuti poimbira foni abale awo ku Joni aziwafunsa ngati anayezetsa. Chipatala cha Witkoppen, chomwe chimathandizanso anthu a ku Diepsloot, chili ku Fourways komweko. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa, pomwe kutumiza maliro ku Mzimba kapena ku Mangochi kumasiya banja m'ngongole.