Girafu si chithunzi cha msewu

Mwana wa Fomu 3 akaona mzere wokwera pa girafu ya mtunda ndi nthawi, kawirikawiri amati galimoto ikukwera chitunda. Mzerewo ukagona, amati yafika pachidikha. Chonsecho mzere wogonawo ukunena kuti galimoto yaima, monga minibasi ikamadikira anthu pa Domasi, pamsewu wa Zomba kupita ku Liwonde: nthawi ikupita, mtunda sukusintha. Ife aphunzitsi a fizikisi timakumana ndi chisokonezochi chaka ndi chaka, ndipo kulemba pabolodi kokha sikuchithetsa.

Chimatha ana akajambula girafu ya zimene ayeza okha. Nsungwi sizisowa. Yotalika mamita awiri, yong'ambidwa pakati ndi kupalidwa mfundo, amaitsamiritsa pang'ono panjerwa. Mwana wina amasiya kampira kachitsulo ka m'habu ya njinga kuti kagubuduke, wina amaomba m'manja motsatira wotchi ya pafoni, anzawo n'kumalemba ndi makala pomwe kafika. Ngati pakuomba koyamba kayenda masentimita 10, pachiwiri kamakhala katafika cha pa 40, kenako 90, kenako 160. Akaika madontho papepala, mzere umapindikira m'mwamba, pomwe nsungwi ili yowongoka ndipo ikutsika! Apa m'pamene mwana amasiya kuona msewu n'kuyamba kuona liwiro likukula. Galileo anafotokoza zoyesera zotere m'buku lake la 1638, ndipo nthawi ankaiyeza ndi madzi otuluka m'chidebe.

Chida cha m'mabuku, ticker-timer, chimadinda madontho 50 pa sekondi, koma chimafuna magetsi, ndipo sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale. N'chifukwa chake pulogalamu ya SMASSE, yomwe inayamba mu 2004 ku Domasi College of Education mothandizidwa ndi JICA ya ku Japan, inalimbikitsa aphunzitsi kupanga zida kuchokera pa zopezeka pakhomo.

  

Chondidetsa nkhawa n'chimodzi: pa zoyesera za nsungwi zija, ana ena amafufuta 37 n'kulemba 40 kuti zifanane ndi buku. Mphunzitsi awaletse. Madontho osiyana pang'ono ndi mzere ndiwo amaonetsa kuti woomba m'manja anachedwa, kapena mfundo ya nsungwi sinapalidwe bwino.