Chombo chikazimitsidwa, sichiyatsidwanso

Ntchito yanga ndi kuwerenga uthenga umene zombo zofufuza zimatumiza kuchokera kutali m'mlengalenga. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama za ntchitoyi zimaponyedwa kumwamba. Ayi ndithu, zimathera pansi pompano. Zimalipira mainjiniya, zimagula zitsulo ndi makompyuta, zimayendetsanso madishi akuluakulu a ku Goldstone, Madrid ndi Canberra amene amatchera khutu usana ndi usiku.

M'mwezi wa Meyi 2025, boma la America linapempha kuti bajeti ya NASA itsike kuchoka pa madola pafupifupi 25 biliyoni kufika pa 18.8 biliyoni, ndipo gawo la sayansi lidulidwe pafupifupi theka. Mawu omaliza amakhala a nyumba ya malamulo, komabe mavuto sadikira voti. Mu Febuluwale 2024, ndalama zokatengera miyala ku Mars zitakhala zokayikitsa, labotale ya JPL ku California inachotsa ntchito anthu pafupifupi 530.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kufuna kuzimitsa zombo zamoyo. Ndalama zochuluka zimalowa chombo chisananyamuke. Chikakhala pa ulendo, chotsala ndi malipiro a kagulu kochepa kochiyang'anira. New Horizons inanyamuka mu 2006, inadutsa pafupi ndi Pluto mu 2015, ndipo ikugwirabe ntchito, koma m'pempho la boma lija inali pa mndandanda wa zoti zitsekedwe. Ndalama zopulumutsidwa pamenepo n'zochepa zedi, pomwe kufikitsa china kumene iyo yafika kungatenge zaka pafupifupi 20.

Ndipo nzeru zoyendetsera chombo zimakhala m'mitu ya anthu. Mu Novembala 2023, Voyager 1, imene inanyamuka mu 1977, inayamba kutumiza zinthu zosamveka. Mainjiniya anapeza kuti kachipangizo kamodzi kosunga malangizo m'kompyuta yake kanali katafa. Anagawa malangizowo pang'onopang'ono n'kuwasamutsira m'malo ena, uku uthenga uliwonse ukutenga maola 22 ndi theka kuti ukafike, ndi maola enanso otero kuti yankho libwere. Pofika Epulo 2024 chombocho chinayambanso kumveka. Anachichiritsa ndi anthu amene amadziwa bwino kompyuta ya m'ma 1970. Oterewa akabalalika kukasaka ntchito kwina, simungawasonkhanitsenso chaka chamawa bajeti ikakhala bwino.

Mapulaneti nawonso sadikira. Mpata wabwino wopita ku Mars umabwera kamodzi pa miyezi 26 iliyonse. Chombo chikachedwa kumangidwa ndi miyezi itatu chifukwa ndalama zinaima, zili ngati mlimi amene waphonya mvula yobzalira, kungoti iye amadikira chaka chimodzi, ife zaka zoposa ziwiri, malipiro akutuluka. Kudula koteroko kumakweza mtengo wa ntchito yonse.

Kuyambira 2021, galimoto ya Perseverance yakhala ikuboola miyala m'chigwa cha Jezero ku Mars n'kuitsekera m'timachubu, kuti tidzaipime kuno ngati ili ndi zizindikiro za moyo wakalekale. Chombo chokaitenga sichinamangidwe.